Salimoni pa Thabwa, Apongozi pa Khonde

Uthengawo unalowa Lachisanu masana. Chinali chithunzi cha Tilda ataima m'khitchini ya Mayi Gunnel Kero, atavala epuloni ya mayiwo, akumwetulira ngati mwini nyumba. Pansi pake analemba kuti: "Tikukonzekera phwando la mawa. Amayi akuti chakudya chonse chili m'manja mwanga. Ndamva kuti sunaitanidwe. Pepa, wamva?"

Saimi Alatalo anachiyang'ana chithunzicho kawiri, kenako anaseka yekha. Tilda ameneyu anali mwana wa pa nyumba yoyandikana ndi a Kero, tsidya la Sweden. Anakulira limodzi ndi Arvid, mwana wa Mayi Gunnel, ndipo mayi a Arvid anayamba kuwatchula kuti "amayi" popanda wina womupempha. Koma amene Arvid ankawolokera mtsinje wa Tornio kwa chaka ndi theka tsopano, kaya kukugwa mvula kaya madzi aundana, anali Saimi wa tsidya la Finland.

Sanamuyankhe Tilda. Anaimbira mwini nkhani.

"Arvid, ine ndaitanidwa kapena sindinaitanidwe?"

"Waitanidwa. Ndakuitana ine."

"Kodi akukwanitsa zaka makumi asanu ndi iwe kapena amayi ako?"

Arvid anatsokomola, ndipo Saimi anafunsanso.

"Amayi ako akudziwa kuti ndikubwera?"

"Adziwa."

"Liti?"

"Akakuona."

"Koma abale! Chimwamuna chonsechi, umakoka nsomba yolemera ngati mwana, koma kutchula dzina langa kwa amayi ako lilime limauma?"

"Ndayesa, Saimi. Ndikangoti Alatalo, amakweza wailesi. Ndikawafunsa chifukwa, amandituma nkhuni. Tamvera, ndaganiza chinthu. Mawa ndilawirira pamadzi. Ndikagwira salimoni, uphika ndiwe, pa thabwa, monga umachitira muja. Palibe munthu amadya nsomba yako n'kukhalabe wokwiya."

"Nanga ukapanda kugwira?"

"Ndigwira."

"Chabwino. Udzanditenge teni koloko."

"Teni yanu kapena yathu?"

"Yathu. Wotchi yanu imatsalira ndi ola lathunthu, yatengera eni ake."

Arvid anaseka, ndipo Saimi anadula foni asanamve kuti nayenso akuseka.

* * *

Bambo ake, a Veikko, Saimi anawapeza pa doko kuseri kwa nyumba akukapa madzi m'bwato. Chimwalirireni mayi a Saimi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pa nyumbapo anatsala awiriwa, ndipo ankacheza ngati anthu amsinkhu umodzi.

"Ababa, mundibwereke thabwa lanu lija."

"Lija? Kwagwanji? Limene lija sindibwereketsa ngakhale m'busa."

"Ndikukaphika tsidya. Mayi a Arvid akukwanitsa zaka makumi asanu."

A Veikko anasiya kukapa. Anayang'ana kutsidya, kumene denga lofiira la a Kero limaonekera pakati pa mitengo.

"Makumi asanu," anatero motsitsa mawu. "Akudziwa kuti ukupita?"

"Akuti adziwa akandiona."

"Hm. Gunnel sakonda zodzidzimutsidwa."

"Mumawadziwa bwino, eti?"

"Pa mtsinje uno ndani sadziwa mnzake?"

Anakatenga thabwalo m'shedi, lakuda m'mbali chifukwa cha moto wa zaka zambiri, nalimangirira chingwe n'kulimiza m'madzi, mwala pamwamba, kuti ligone likumwa. Kenako bambo ndi mwana anakhala pa doko kusema zikhomo za mtengo wa koivu, zazitali ngati chala, uku akuthamangitsa udzudzu.

"Moto usauthamangire," anatero a Veikko. "Ndipo batala usaumire. Anthu a tsidyalo amaumira batala, n'chifukwa chake sasangalala."

"Zonsezo ndikudziwa, ababa. Munandiphunzitsa ndisanadziwe kulemba dzina langa."

"Ndiye ukuopa chiyani?"

"Ndani wanena kuti ndikuopa?"

A Veikko anamuyang'ana mwana wawo, napukusa mutu. "Palibe. Ndimangofunsa."

* * *

Arvid anafika itangodutsa teni koloko, tsitsi lili nyankhalala, nkhope yonse ili mano. M'bwato munagona salimoni yonyezimira ngati ndalama yatsopano, yaitali kuposa mkono wake.

"Makilogalamu naini," anatero. "Inandivuta ola lathunthu. Ndinaiuza kuti, mayi iwe, ukwati wanga uli pa iwe, usandichititse manyazi."

"Ukwati uti? Wandifunsira liti?"

"Ndikuyeserera kaye pa nsomba."

Pa nyumba ya a Kero mbendera inali itakwera kale, ndipo pa udzu anali atayala matebulo awiri aatali. Alendo analipo pafupifupi makumi atatu. Mayi Gunnel anaima pa khonde, mayi wamtali wowongoka msana, atavala diresi yabuluu. Ataona amene akutsika m'bwato atanyamula thabwa lonyowa kukhwapa, kumwetulira kwawo kunazima.

Saimi sanadikire Arvid. Anakwera yekha masitepe n'kupereka maluwa.

"Mafuno abwino pa tsiku lanu, Mayi Kero. Ndine Saimi."

"Ndikukudziwa. Zikomo chifukwa cha maluwa." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Arvid, sunandiuze kuti ubwera ndi mlendo."

"Si mlendo, amayi. Ndipo ndagwira nsomba. Saimi atiphikira pa thabwa."

"Chakudya chakonzedwa kale."

Tilda anatulukira pakhomo, epuloni ija ili m'chiuno. "Salimoni ilipo kale, Arvid. Ndagula dzulo ku sitolo, ndiika mu uvuni ndi kirimu. Musavutike ndi utsi pa tsiku la amayi."

"Ya ku sitolo?" Anafuula choncho anali a Sixten, mlongo wawo wamkulu wa Mayi Gunnel, bambo wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu. Anali atasuzumira kale m'bwato. "Yoweta mu khola ngati nkhuku ija? Gunnel, mtsinje wakupatsa mphatso pa tsiku lako lobadwa, iwe ukufuna utidyetse ya m'pulasitiki? Ine ndayenda ulendo wa maola atatu. Ndikadya ya mu uvuni ndikukachotsa dzina lako m'buku la mafoni."

Alendo anaseka. Mayi Gunnel sanaseke.

"Nkhuni zili kuseri," anatero mayiwo kwa Saimi. "Koma ife tidya wani koloko, nsomba yako itapsa kapena isanapse."

"Ikhala itapsa," anatero Saimi.

* * *

Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi madzi, panali malo a moto ozunguliridwa ndi miyala. Saimi anamanga tsitsi, napinda manja a bulauzi. Anaitumbula nsombayo, naiyendetsa mpeni m'mphepete mwa msana kuchokera kumutu mpaka kumchira, mbali yonse n'kutuluka yathunthu, yofiirira, yonyezimira mafuta. Minga anaizula umodziumodzi. Anawaza mchere wa miyala n'kuisiya ipume pamene Arvid ankakoleza moto.

"Nkhuni za koivu zokhazokha," anamuuza. "Za paini zimathetheka, zindidetsera nsomba."

"Chabwino, bwana."

"Ndipo usandiyang'ane choncho, mpeni uli m'manja."

Anaigoneka pa thabwa, khungu pansi, naboola ndi nsonga ya mpeni n'kukhoma zikhomo ziwiriziwiri mopingasa, kuti nyama ikafewa isatsetsereke. Moto utakhazikika, anaimika thabwalo chopendekera kumbali yochokera mphepo. Anatambasula dzanja pakati pa nsomba ndi malawi n'kuwerenga. Pa khumi dzanja linathawa lokha. Anabweza thabwa pang'ono, nayesanso, mpaka linapirira kufika khumi ndi zisanu.

"Apa ndi pake," anatero. "Wina asakhudze."

Anathyola kanthambi ka koivu ka masamba ake, nakaviika m'madzi amchere n'kumawaza nsombayo mwa apo ndi apo. Pakati pake ankaipaka batala wosungunuka. Patapita theka la ola mafuta anayamba kutsika, kudontha pa miyala kuti tsss, ndipo fungo linazungulira nyumba. A Sixten anabwera kawiri, ati kudzaona ngati moto ukufuna thandizo.

Kenako kunabwera Tilda.

"Arvid, mipando sikukwana. Amayi akuti ukatenge ina kwathu." Arvid atachoka, anaima n'kupinda manja. "Ukuyesetsa ndithu. Koma ukudziwa kuti nyumba siimangidwa ndi nsomba imodzi?"

"Siimangidwanso ndi epuloni yobwereka."

Tilda analuma mlomo. "Ine ndinalipo pamene bambo a Arvid ankadwala. Ndinalipo pa maliro. Iwe unali kuti?"

"Sindinali kumudziwa. Zimene unachitazo ndi zabwino, Tilda, ndipo sindingakulande. Koma Arvid si malipiro."

"Tiona. Paja amayi akukuitana m'khitchini."

Saimi anayang'ana nsomba, anayang'ana mphepo. Anatembenuza thabwa, mchira kupita pansi, nayesanso ndi dzanja. Ndiye analowera kunyumba.

* * *

Mayi Gunnel anali okha, akudula masamba a dili oti awaze pa mbatatesi zatsopano.

"Mwandiitana, Mayi Kero?"

"Sindinakuitane." Mpeni sunaime. "Koma poti wabwera, tseka chitseko. Ukufuna chiyani kwa mwana wanga?"

"Ndikufuna iyeyo."

"Anyamata atha tsidya lanulo?"

"Alipo. Koma palibe amene amandiseketsa ndikakwiya, ndipo palibe amene anawoloka pa madzi oundana usiku wa chisanu kudzandipatsa mankhwala a chifuwa. Munamulera bwino. Mukanamulera moipa, bwenzi pano mulibe vuto."

Pakamwa pa mayiwo panagwedezeka pang'ono ngati akufuna kuseka, koma anapagwira.

"Pakamwa uli napo."

"Ndili ndi funsonso. Ndinakulakwirani chiyani? Lero ndi tsiku loyamba kulankhulana. Ngati pali chimene ndinachita, nenani ndipepese. Ngati palibe, ndiuzeni chimene mukundidera."

Mayi Gunnel anaika mpeni pansi, natsegula pakamwa. Koma Saimi anali atatukula kale mphuno. Fungo lolowera pa zenera linali litasintha. Silinalinso la batala.

Anatuluka chothamanga.

Thabwa linali litasendezedwa mpaka pa miyala, malawi akunyambita kumunsi. Mchira unali utada kale, ukufuka utsi. Pamalopo panalibe munthu. Saimi anakulunga dzanja ndi thaulo, nalikoka thabwalo, nawaza madzi amchere pa mbali imene inayamba kuyaka. Anadina nyama ndi chala kuyambira kumtunda. Inali yofewa, yonona. Chimene chinapserera chinali kachigawo ka kumchira, kotalika ngati chikhatho.

Arvid anafika atasenza mipando inayi. "Chachitika n'chiyani?"

"Thabwa lamera miyendo."

"Ndani? Tilda? Ndikamuuza pompano pamaso pa anthu!"

"Ika mipando pansi, ndipo utseke pakamwa. Ndi phwando la amayi ako, si bwalo la milandu. Ameneyu ndithana naye ndekha. Ndipatse batala."

* * *

Wani koloko itangokwana, Saimi ananyamula thabwa lonse n'kuliika pakati pa tebulo, zikhomo zili momwemo. Nsombayo inali yofiirira ngati uchi pamwamba, mafuta akuwirabe m'mphepete. A Sixten anaomba m'manja okha.

"Ya mu uvuni ija mupatse mphaka," anatero. "Ngati angailandire."

Saimi anazula zikhomo, nayamba kugawa. Chigawo chonona cha pamimba anaika m'mbale ya Mayi Gunnel, china kwa a Sixten, n'kumatsika ndi tebulo. Atafika pa Tilda anadula mchira wakuda uja, nauika bwinobwino pambali pa mbatatesi.

"Uwu ndi wako, mnzanga," anatero mokoma. "Poti waphika wekha."

Tilda anafiira mpaka m'makutu. A Sixten anayang'ana mchirawo, anayang'ana Tilda, ndiye kuseka kunawatsamwa mpaka wina anachita kuwamenya pamsana. Ena sanamve chimene chachitika, koma amene anamva anaweramira m'mbale zawo.

Mayi Gunnel okha ndi amene sanayang'ane Tilda. Anali atatola zikhomo ziwiri pa tebulo, akuzitembenuza m'manja. Anayang'ana mabowo opingasa pa nsomba, nayang'ananso thabwa lakuda m'mbali. Anatapa kachidutswa n'kuika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Wawaza madzi amchere ndi masamba a koivu," anatero.

"Eya."

"Ndipo thabwali si lako."

"Ndi la bambo anga."

"Ndikulidziwa. Pakona apa linang'ambika litagwa m'bwato."

Anadyanso kachiwiri, kachitatu, mpaka mbale inayera. Kenako anapukuta pakamwa n'kuimirira.

"Pitirizani kudya. Saimi, tiye."

Arvid anafuna kudzuka. Amalume ake anamukhazika pansi ndi dzanja limodzi. "Khala, mphwanga. Akazi akaitanana ndi maina, mwamuna amadya mbatatesi."

* * *

Anakakhala pa benchi ya pakhonde la sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi, moyang'ana mtsinje. Kutsidya nyumba ya a Alatalo inkaoneka yaing'ono, yachikasu.

"Unandifunsa chimene unandilakwira," anayamba Mayi Gunnel. "Palibe. Bambo ako anakuuzapo za ine?"

"Amangoti pa mtsinje uno aliyense amadziwa mnzake."

"Ha! Ndi Veikko ameneyo." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mphete yake inali pa chala ichi. Nsomba ngati imene waphikayi anandiphikira pa chilumba icho, pa thabwa lomweli, ndipo zikhomo ndinkasema ndine. Chichokereni iye sindinadyenso salimoni ya pa thabwa. Malemu amuna anga, a Rune, ankayesa kuti ndimadana ndi utsi."

Saimi anayang'ana kutsidya, kunyumba kwawo. Bambo ake, a nthabwala aja, amene sankadziwa kubisa ngakhale mphatso ya Khirisimasi!

"Chinachitika n'chiyani?"

"Zopusa. Tinakangana kuti tikakwatirana tikakhala tsidya liti. Iye akuti sangasiye doko la bambo ake. Ine ndikuti sindingasiye mayi anga odwala. Ndinamuuza kuti ngati mtsinje ukumukulira, apite akapeze wina waung'ono. Ndinkayesa abwera mawa lake, monga ankachitira. Patatha masiku atatu ndinamva kuti wapita ku Norway kukagwira ntchito m'sitima za nsomba. Osatsanzika. Kalata ngakhale imodzi."

"Chifukwa cha mtsinje woti munthu amawoloka khofi asanazizire?"

"Useke, uli ndi ufulu. Ifenso tinali ndi pakamwa ngati iwe." Anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba mosatsinya nkhope. "Uli ndi manja ake. Ndakuonera pa zenera mmene wapulumutsira nsomba ija. Sunalire, sunakuwe, sunathamangire kwa Arvid. Ndipo ndaona amene anasuntha thabwa. Ameneyo ndilankhula naye."

"Ndiye mukuvomera?"

"Sindinatero."

"Koma simukukananso."

Mayi Gunnel anatambasula dzanja. Zikhomo ziwiri zija zinali zikadali m'manja mwawo.

"Ukamuuze Veikko awoloke. Abwere yekha, akhale pa benchi ino. Pali nkhani ya iye ndi ine, yakale kuposa inu nonse awiri. Tisanaikambe, sindinganene eya, sindinganenenso ayi. Ndipo inu musathamange. Wandimva? Musathamange."

"Ndamva. Abwera, ngakhale ndichite kuwamangirira m'bwato."

Pobwerera ku matebulo, anakumana ndi Tilda pakona pa sauna, atanyamula makapu a khofi amene palibe anamutuma.

* * *

Cha m'ma sikisi madzulo, dzuwa likadali pamwamba, Arvid anamuwolotsa. Pakati pa mtsinje anazimitsa injini, bwato n'kumangoyandama.

"Amayi akupatsa keke yopita nayo kwanu," anatero. "Ukudziwa tanthauzo lake? M'busa amene anandibatiza sanapatsidwepo keke yopita nayo."

Saimi anamufotokozera zonse za pa benchi. Arvid anagwira mutu.

"Amayi anga ndi bambo ako? Amayi anga omwewa, oti wailesi ikaimba nyimbo yachikondi amati ndi phokoso?"

"Omwewo."

"Ndiye vuto latha! Bambo ako awoloke, apepese, amwe khofi, basi." Anapukuta manja pa buluku, namugwira dzanja. "Saimi, ndayeserera mokwanira pa nsomba. Mphete ndilibe pano, ndipo ndikununkha utsi. Koma undilole ndikhale mwamuna wako."

"Tikakhala tsidya liti?"

"Limene unene. Ukafuna, pakati pomwe pano. Ndimanga nyumba pa bwato."

"Wayankha bwino. Eya."

"Eya chiyani?"

"Eya, chitsiru iwe. Liza injini tisanakafike kunyanja."

Anamutsitsa pa doko, namupsompsona mofulumira poti a Veikko anali pomwepo, n'kutembenuza bwato akuimba mokweza nyimbo yopanda mutu.

* * *

A Veikko anakhala pa chitsa akunola mpeni. Anayang'ana thabwa kaye, kenako mwana wawo.

"Lapserera kumunsi."

"Nkhani yake ndi yaitali. Koma mbale zonse zinayera. Ndipo keke iyi akupatsani ndi munthu amene munamusiya ndi mphete pa chala."

Mpeni unaima pa mwala.

"Wakuuza."

"Andiuza. Akuti muwoloke, mukakhale pa benchi ya sauna. Ababa, zaka zonsezi osandiuza? Mukupita mawa, ndipo muvale shati yoyera. Arvid wandifunsira, ine ndavomera. Chatsala ndi inu awiri kusiya zachibwana."

A Veikko anapumira m'mwamba, koma m'maso munali kuseka. "Ndinali wopusa, mwanawe. Nditabwerako patatha zaka zinayi, ndinapeza ali pabanja, mwana akuyenda kale. Ndikanati chiyani? Chabwino, ndipita. Shatiyo usite ndiwe."

Foni ya Saimi inalira. Anaitulutsa akumwetulira, poganiza kuti ndi Arvid. Anali Tilda.

"Mchira unali wokoma, zikomo. Nanenso ndili ndi mphatso yako. Ndafunsa mayi anga. Bambo ako anachoka mu Ogasiti. Mayi Gunnel anakwatiwa ndi malemu a Rune mu Okutobala chaka chomwecho. Arvid anabadwa mu Epulo. Zala uli nazo, werenga wekha miyezi."

Saimi anawerenga uthengawo kamodzi. Anafuna kuseka, monga anasekera dzulo lake, koma kuseka sikunabwere. Anakhala pansi pa matabwa a doko.

"Watani? Nkhope yayera ngati waona mzukwa."

"Ababa, munapita ku Norway mwezi wanji?"

"Ogasiti. Kumayambiriro. Bwanji?"

"Mukudziwa kuti Arvid anabadwa liti?"

"Ndingadziwe bwanji? Ndinali panyanja. Chaka chimodzi kapena ziwiri ukwati wawo utachitika, ndiyesa."

"Epulo. Epulo wotsatira."

A Veikko anamuyang'ana ngati sanamve. Kenako anaika mpeni pansi pang'onopang'ono, natambasula manja awo okhakhala pa mawondo. Anayamba kupinda zala, chimodzichimodzi, milomo ikuyenda popanda mawu. Dzanja lamanzere linatha. Anapitiriza ndi lamanja.

Pakati pa mtsinje Arvid anaimirira m'bwato, nawakupizira manja onse awiri.

Pa doko palibe anamubwezera.